Mbozi Imodzi, Mafuko Awiri

Phunziro lathu la lero ndi la mbiri, koma simudzamvamo za mafumu kapena za maulendo a mitundu ya anthu. Mudzamva mbiri ya mbozi imene idya cimanga cathu, ndi ya anthu ophunzira amene anatha zaka zambiri ali kufunsa kuti, kodi mbozi imeneyi ndi ya fuko limodzi kapena awiri, nanga kwao nkuti?

Ambiri mwa inu munaiona kale mbozi imene ndiri kunenayi. Mukalowa m'munda mwezi wa Januwale, ndi kupeza masamba a cimanga ali obooka-booka, ndipo pansonga, pomwe masamba atsopano atulukira, pali zitosi zonyowa zonga utuci, tambasulani masambawo pang'ono-pang'ono. M'katimo mudzapeza mbozi iri phee. Pamutu pace pali mizere yoyera yokumana ngati cilembo ca Y cozondoka, ndipo cakumcira kwace kuli madontho akuda anai okhala ngati ngondya zinai za nyumba. Anthu ambiri aicha nchembere zandonda, dzina limene makolo athu anapatsa mbozi ina yakale. Koma ziwirizi nzosiyana. Yakale ija, ya kuno ku Africa, ibwera zaka zina zokha, iyenda poyera m'cigulu cacikulu, idya udzu ndi masamba, ndipo pakapita masabata ocepa izimirira. Yatsopanoyi ibisala m'kati mwa cimanga, ndipo caka ciri conse iripo. Cisanafike caka ca 2016 alimi a m'Zambia sanali kuidziwa.

Kwao kwa mbozi yatsopanoyi ndi ku America, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, komwenso kunacokera cimanga. Inde ana inu, cimanga cimene ticiyesa cathu cinadza kuno ndi amalonda a pa nyanja zaka mazana angapo zapitazo. Mdani wace anatsala m'mbuyo, nadzacilondola mocedwa.

M'caka ca 1773 mnyamata wina wa ku London, dzina lace John Abbot, anakwera combo kunka ku America. Nchito yace inali yogwira tizilombo ndi mbalame ndi kuzijambula ndi utoto. Anakhazikika m'dera lochedwa Georgia, ndipo kumeneko anali kuweta mbozi za mitundu-mitundu, kuzidyetsa masamba kufikira zitasanduka agulugufe, kenaka najambula mbozi, gulugufe wace ndi comera cimene idya, zonse pa pepala limodzi. Zithunzi zace zinafika m'manja mwa katswiri wa zomera wa ku England, James Edward Smith, amene anazisindikiza m'buku m'caka ca 1797. M'buku limenelo ndimo mbozi yathuyi inalandira dzina lace la Cilatini lakuti frugiperda, ndiko kunena kuti woononga zokolola. Dzina lonse lero ndi Spodoptera frugiperda. Smith anaiyesa mtundu umodzi, ndipo kwa zaka zoposa 180 panalibe cifukwa comutsutsira, pakuti ndi maso mbozi zonsezi nzofanana, agulugufe acenso ngofanana.

Alimi a ku America aicha fall armyworm, cifukwa kumpoto kwa dziko lao ioneka kwambiri m'nyengo imene iwo aicha fall, pamene masamba a mitengo ayoyoka ndipo cisanu ciri pafupi. M'caka ca 1928 katswiri wa boma la United States, Philip Luginbill, analemba buku lofotokoza moyo wace wonse. Mbozi ikakhuta itsikira m'nthaka ndi kugona m'cikwa, ndipo ituluka iri gulugufe wa usiku, wa mapiko otuwa. Wamkazi aikira mazira 100 kapena 200 pamalo amodzi, ndipo pa moyo wace wonse akhoza kufika pa 1,000. Kukafunda, kucokera pa dzira kufikira pa gulugufe woikiranso mazira papita mwezi umodzi cabe. Koma cisanu ca kumpoto cizipha zonse. Zipulumuka kum'mwera kokha kwa Texas ndi kwa Florida, ndi m'maiko ofunda a kum'mwera kwace. Cisanu cikatha agulugufe ayamba ulendo wa kumpoto, mbadwo uli wonse kupitirira pamene makolo ace analekezera, kufikira adzukulu afika ku Canada. Mphepo ikamuthandiza, gulugufe mmodzi auluka makilomita 100 usiku umodzi.

Tsono akatswiri anafuna kudziwa kuti agulugufe ofika m'munda wakuti-wakuti acokera kuti, kuti acenjeze alimi nthawi ikadalipo. Koma mudzamlondola bwanji gulugufe wa usiku? Ng'ombe tiidziwa ndi cizindikiro cimene mwini wace anaidula kukhutu. Kale makolo athu anali kudziwa kwao kwa mlendo poona mphini za pankhope pace. Gulugufe alibe mphini. Cizindikiro cace anayenera kucifuna m'kati mwa thupi, m'zimene iye analandira kwa makolo ace pobadwa. Zimenezi ndizo tidzazicha zizindikiro za cibadwa.

Njira yoyamba yoziwerengera inali yopima mapuloteni. Mapuloteni ndi tizinthu tosaoneka ndi maso timene timanga thupi ndi kuyendetsa nchito zace, ndipo kapangidwe ka puloteni iri yonse katsata malangizo amene colengedwa cinalandira kwa atate ndi amai ace. Katswiri atenga mbozi imodzi, aisinja, ndipo madzi ace awaika kumapeto kwa cinthu cofewa copangidwa ndi sitaci, conga phala logona lolimba. Kenaka apititsamo magetsi. Mapuloteni ayamba kuyenda m'phalamo ngati ana a sukulu pa mpikisano wothamanga: ena atsogola, ena atsalira. Pakapita maola angapo azima magetsi, athirapo mankhwala opatsa mtundu, ndipo puloteni iri yonse ioneka ngati kamzere pamalo pamene inafika. Mbozi za pacibale zipereka timizere pamalo ofanana. Za mafuko otalikirana zisiyana. Phala la sitacili analiyamba ndi Oliver Smithies m'caka ca 1955, ndipo m'caka ca 1966 Richard Lewontin ndi John Hubby anaonetsa pa tinchenche ta zipatso kuti ndi njira yonga imeneyi munthu akhoza kuona kusiyana kwa cibadwa pakati pa zamoyo zooneka zofanana.

Amene anayesa njira iyi pa mbozi yathu anali mai wina wophunzira, Dorothy Pashley, wa pa yunivesite ya boma la Louisiana. Iye sanali kufuna mafuko ai. Anali kufuna njira za agulugufe. Anasonkhanitsa mbozi za m'madera osiyana-siyana a United States, Mexico ndi zisumbu za Caribbean, akuyembekeza kuti za malo otalikirana zidzasiyana. Zambiri zinafanana, ngakhale zocokera kutali ndi kutali. Koma gulu lina la ku cisumbu ca Puerto Rico linakana kufanana ndi zinzace. Munthu wopupuluma akadangoti, n'cifukwa cakuti nza pa cisumbu. Pashley anaona cinthu cina: mbozi zosiyanazo zinatoledwa pa mpunga, pamene zinazo zinatoledwa pa cimanga. Anapimanso, tsopano akusiyanitsa mbozi monga mwa cakudya cao, ndipo anapeza kuti za pa cimanga za ku Puerto Rico zifanana ndi za pa cimanga za ku Louisiana, pamene za pa mpunga ndi pa kapinga zifanana zokha-zokha, ngakhale pakati pao pali nyanja. Mbozi za m'minda iwiri yoyandikana zikhoza kukhala alendo, ndipo za m'maiko awiri zikhoza kukhala abale. Analengeza zimenezi m'caka ca 1986, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri anena za mafuko awiri: fuko la cimanga, lokonda cimanga, mapira ndi thonje, ndi fuko la mpunga, lokonda mpunga, kapinga ndi maudzu a msipu.

Atadziwa kusiyanitsa mafukowa, anayamba kuona zina zimene zinali zobisika. Mankhwala ena apha fuko limodzi msanga koposa linzace. Ndiponso, cimene ine ciri kundikondweretsa koposa, mafukowa asiyana nthawi yofunana. Agulugufe a fuko la cimanga afunana kumadzulo, mdima utangogwa. A fuko la mpunga adikira kufikira usiku utapita ndithu. Motero angakhale akhale m'dera limodzi sakumana kawiri-kawiri, monga anthu awiri otunga pa citsime cimodzi, wina m'mamawa wina madzulo. Koma mpanda wa pakati paowu uli ndi mipata. Nthawi zina akumana, ndipo abereka ana amoyo. Cifukwa cace Pashley yemweyo anafunsa ngati iyi iri mitundu iwiri yeniyeni kapena mtundu umodzi umene uli pakati pogawikana. Sungani mau awa akuti nthawi zina akumana, pakuti adzativuta patsogolo.

Njira ya mapuloteni inali ndi bvuto lace. Mbozi inayenera kufika kopimira iri yamoyo, kapena itaumitsidwa ndi cisanu coopsa, cifukwa puloteni ionongeka msanga. Koma malangizo eni ace amene puloteni itsata alembedwa pa kaulusi kakang'ono kochedwa DNA, kamene kali m'kati mwa maselo, ndiwo tizipinda ting'ono-ting'ono tomanga thupi la camoyo ciri conse. Maonekedwe a kaulusika anadziwika m'caka ca 1953. Zilembo zace nzinai zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa-bwerezedwa m'ndandanda wautali zedi. M'caka ca 1983 Kary Mullis wa ku California anaganiza njira, imene lero icheka PCR, yotengera kacigawo kamodzi ka DNA ndi kukaculukitsa kufikira kakwane kupima. Kuyambira pamenepo ngakhale mwendo umodzi wa gulugufe wouma, wogwidwa pa msampha, unakhala wokwanira.

Funso linali lakuti, m'ndandanda wautali cotere tidzawerenga pati? Akatswiri anasankha malo ena ochedwa COI. M'selo iri yonse muli timatumba timene tisandutsa cakudya kukhala mphamvu, tochedwa mitochondria, ndipo timatumbati tiri ndi ka DNA kao-kao. COI iri m'menemo. Pa zilembo za COI mafuko awiri aja asiyana malo owerengeka, ndipo panapezeka njira yapafupi yoonera kusiyanaku osawerenga zilembo zonse. Pali mankhwala ena ocokera ku mabakiteriya amene agwira nchito ngati lumo, koma lumo lace lidula pokha-pokha pamene lapeza zilembo zina zitatsatana. Lumo limodzi lotere, lochedwa MspI, lidula COI ya fuko la cimanga, koma pa ya fuko la mpunga lipeza cilembo cimodzi casintha ndipo lilephera. Tsono pa phala lija la magetsi, ulusi wodulidwa uoneka zidutswa ziwiri, wosadulidwa uoneka umodzi. Pofika caka ca 2002 njira iyi inali itakonzedwa bwino ku Florida, kotero kuti mbozi zambiri-mbiri zinali kupimidwa masiku ocepa.

Ndi COI yomweyi funso loyamba lija la njira za agulugufe linayankhidwa. Rodney Nagoshi ndi Robert Meagher, a nthambi ya zaulimi ya boma la United States ku Gainesville, Florida, anapeza kuti m'kati mwa fuko la cimanga muli timizere tinai ta cibale, ndipo kamzere koculuka ku Florida ndi ku Puerto Rico si kamene kaculuka ku Texas ndi ku Brazil. Potola agulugufe m'madera a kumpoto ndi kuwerenga timizereti, anaona kuti a ku Texas akwera ndi cigwa ca mtsinje wa Mississippi, pamene a ku Florida atsata gombe la Atlantic, ndipo pakati pao pali mapiri a Appalachian.

Koma COI iri ndi khalidwe limodzi loyenera kulimvetsa bwino. Aphunzitsi, apa mungajambule pa bolodi. Timatumba tija ta mphamvu mwana atilandira kwa amai ace okha, kupyolera m'dzira. Kwa atate salandirako kanthu. Motero COI iwerenga cibale monga acitira Acewa, kutsata kucikazi: amai, ambuye akazi, amai a ambuyewo, mpaka kale. Za atate sinena ciri conse. Mwana wa ku Chipata amene amai ace ndi Mcewa ndipo atate ace ndi Mngoni, mukafunsa kucikazi adzakuuzani kuti ngwao, mukafunsa kucimuna adzakuuzaninso kuti ngwao, ndipo palibe wanama. Kuti mumdziwe mwanayo muyenera kufunsa mbali zonse ziwiri. Cifukwa ca ici, m'caka ca 2010 Nagoshi anaonjeza cizindikiro caciwiri cochedwa Tpi. Ici ciri pa mtolo wina wa DNA wochedwa Z. Gulugufe wamwamuna ali ndi mitolo ya Z iwiri, wina wa kwa atate wina wa kwa amai. Wamkazi ali nao umodzi wokha, ndipo aulandira kwa atate ace. Tsono mukapima gulugufe wamkazi, COI ikuuzani fuko la amai ace, Tpi ikuuzani fuko la atate ace. Ku America zizindikiro ziwirizi kawiri-kawiri zinabvomerezana, ndipo pamene zinasemphana akatswiri anadziwa kuti apeza mbeu yosakanizika.

Zonsezi zinali nkhani za kutali, zosatikhudza, kufikira kumapeto kwa Januwale 2016, pamene alimi a kum'mwera cakumadzulo kwa Nigeria anaona mbozi yacilendo m'cimanga cao. M'miyezi yotsatira inaoneka pa cisumbu ca São Tomé, ku Benin ndi ku Togo. Poyamba anthu anaiyesa imodzi mwa mbozi za kuno. Georg Goergen, katswiri wa tizilombo wa bungwe la IITA ku Benin, pamodzi ndi anzace, anayang'anitsitsa agulugufe ace, nawerenganso zilembo za COI ndi kuziyerekeza ndi za ku America. Zinafanana. M'mwezi wa Okutobala 2016 analengeza kuti Spodoptera frugiperda yalowa mu Africa.

Kuno kwathu inadziwika kumapeto kwa caka comweco, cimanga cikadali cacing'ono. Alimi ena anaiyesa kapuci, ena nchembere zandonda zakale zija zimene zinatisautsa m'caka ca 2012. Anapopera monga mwa nthawi zonse, koma mankhwala sanali kufika m'kati mwa nsonga momwe mbozi inabisala. M'mwezi wa Disembala 2016 a Edgar Lungu, amene anali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analamula kuti ndege za asilikari zinyamule mankhwala kunka m'zigawo. M'mwezi wa Febuluwale 2017 nthumwi za maiko a kuno kum'mwera zinakumana ku Harare, zoitanidwa ndi bungwe la FAO, kudzapangana cocita. Ku Malawi, m'Disembala 2017, boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dzikolo ali pa tsoka.

Apa ndipo nchito ya Pashley inakhala nchito yathu. Kodi labwera ndi fuko liti? Funsoli silinali la masewera. Ngati labwera fuko la cimanga lokha, tiyenera kulonda cimanga ndi mapira. Ngati labweranso la mpunga, ndiye kuti mpunga wa ku Mongu ndi ku Chama uli pangozi, pamodzi ndi msipu wa ng'ombe. Ndipo kupitirira Africa kuli maiko a ku Asia, kumene anthu oposa theka la anthu onse a pa dziko akhala, ndipo ambiri a iwo cakudya cao ndi mpunga. Boma lofuna kugula mankhwala ndi kutuma alangizi liyenera kudziwa minda yoyamba kuthamangirako.

Mbozi zotoledwa ku Togo ndi katswiri wa komweko, Djima Koffi, zinatumizidwa kwa Nagoshi, ndipo zotsatira zinatuluka m'caka ca 2017. Zinali zododometsa. Mbozizo zinatoledwa pa cimanga, koma COI inati zina mwa izo nza fuko la mpunga. Atafunsa Tpi, inati pafupi-fupi zonse nza fuko la cimanga. Mboni ziwiri zimene ku America zinali kubvomerezana, kuno zinatsutsana. Anapimanso za maiko ena, kufikira pofika 2019 anali ndi mbozi za maiko 11 a mu Africa, ndipo kutsutsanako kunalipobe.

Taganizani ana inu, zingatheke bwanji? Bwererani ku bolodi. Gulugufe wamkazi wa fuko la mpunga akumana ndi wamwamuna wa fuko la cimanga. Mwana wao wamkazi atenga COI ya mpunga kwa amai ndi Tpi ya cimanga kwa atate. Iyenso akumana ndi wamwamuna wa cimanga, mwana wacenso cimodzi-modzi, mibadwo ndi mibadwo. Pa mbadwo uli wonse magazi a fuko la mpunga acepera-cepera, kufikira thupi lonse ndi makhalidwe onse akhala a cimanga. Koma COI sisintha, pakuti iyenda kucikazi kokha. Ikhala ngati dzina la gogo wakale-kale limene mbumba isungabe, ngakhale cilankhulo ca gogoyo palibenso wocidziwa. Agulugufe owerengeka otere akalowa m'dziko latsopano lodzala cimanga, lopanda cisanu cakupha, adzukulu ao adzadzaza dziko lonse atanyamula dzina la mpunga, koma ali kudya cimanga. Ndipo minda inacitira umboni Tpi: mu Africa mbozi iyi yaononga cimanga koposa zonse, mapira pang'ono, ndipo mpunga siunaonongeke monga anthu anaopera.

Ine ndiona kuti maina awa akuti fuko la cimanga ndi fuko la mpunga anatisokoneza ndithu. Anali maina abwino ku Louisiana m'caka ca 1986. Koma munthu wowerenga lipoti lakuti m'boma lakuti mwapezeka fuko la mpunga, osafunsa kuti anapima ndi cizindikiro citi, akhoza kuthamangira kudambo pamene mdani ali kumunda wa kumtunda.

Timizere tinai tija ta fuko la cimanga tinathandiza pa funso lina, lakuti alendowa anacokera mbali iti ya America. Mu Africa munaculuka kamzere ka ku Florida ndi zisumbu za Caribbean. Akatswiri ambiri aganiza kuti mazira, mbozi kapena agulugufe anaoloka nyanja m'katundu wa malonda. Mwina mudzafunsa kuti kudziwa kwao kwa mdani kutithandiza ciani, popeza wafika kale. Kuthandiza pawiri. Coyamba, mbozi za malo ena zinazolowera kale mankhwala ena. Ku Puerto Rico, ca m'ma 2006, zinapezeka zikudya ngakhale cimanga cimene cinakonzedwa dala kuti cizipha mbozi. Mdani akacokera kumalo otere abwera ndi kulimba kwace. Caciwiri, kwao kwa kacilombo ndiko kukhala adani ace. Agogo anu a ku Luapula akumbukira tizilombo toyera tonga ufa timene tinapinimbiritsa cinangwa m'zaka za m'ma 1980. Tizilomboto tinagonja pamene kwao kunapezeka ku Paraguay m'caka ca 1981, ndipo kumeneko kunatengedwa kamavu kakang'ono kotiikira mazira m'thupi, kamene Hans Herren ndi anzace a ku IITA anakaweta ndi kukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa.

Mbozi yathu sinaime mu Africa. Inaoneka ku India m'caka ca 2018, ku China kumayambiriro kwa 2019, ndi ku Australia kumayambiriro kwa 2020. Pa nthawi yomweyo zipangizo zowerengera DNA zinachipa ndi kufulumira, kotero kuti m'malo mofunsa mboni ziwiri zokha akatswiri anayamba kuwerenga ulusi wonse wa gulugufe. DNA yonse ya mafuko awiriwa inasindikizidwa m'caka ca 2017. M'caka ca 2022 gulu la akatswiri a ku Montpellier, ku France, litawerenga DNA yonse ya agulugufe a maiko ambiri, linanena kuti amene analowa mu Africa ndi Asia ndi a fuko la cimanga. Pamenepa Tpi inapambana mlandu. Koma pa funso la njira mkangano unatsala. Nagoshi anaona umboni wakuti kagulu kakang'ono kanalowa, nikafalikira kucokera kumadzulo kunka kum'mawa. Wee Tek Tay wa ku Australia ndi anzace, m'caka comweco ca 2022, anati mbozi inalowa kangapo, pa makomo osiyana-siyana, ndipo zina zinayenda kucokera ku Asia kudza ku Africa. Mkangano umenewu uli ndi nchito kwa oyang'anira katundu pa malire ndi pa mabwalo a ndege, cifukwa khomo lolowera kangapo likhoza kulowetsanso fuko lenileni la mpunga, kapena mbozi zolimba ku mankhwala amene lero akali kugwira nchito.

Tsono nayi nchito yanu ya sabata ino. Pitani ndi aphunzitsi anu m'munda wa sukulu m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Yendani mokhota-khota, muime malo asanu, ndipo pa malo ali onse muyang'ane mapesi khumi. Werengani amene ali ndi masamba obooka kapena zitosi zatsopano, ndi kulemba ciwerengeroco m'kabuku. Mazira mukawapeza pa tsamba, ali pamodzi okutidwa ndi tiubweya totuwa, aphwanyeni ndi zala. Mankhwala opopera musawakhudze. Imeneyo ndi nchito ya akulu. Yang'ananinso m'mapira, m'kapinga wa pa bwalo la mpira, ndi mumpunga ngati kwanu ulimidwa. Mbozi ya Y pamutu mukaipeza pa comera cina cosakhala cimanga, aphunzitsi aiike m'kabotolo ka spiriti, kuti aipereke kwa alangizi a zaulimi. M'kabotolomo muikemo kapepala kolembedwa ndi pensulo, cifukwa inki isungunuka mu spiriti. Pa kapepalako lembani tsiku, dzina la mudzi ndi la boma, ndiponso dzina la comera cimene mbozi inali kudya.